Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu Oona za Nyengo, Nkhalango ndi Madzi: Tiyambe Kuyeza Kumene Mphamvu ya Dzuwa Imapita

Olemekezeka a Nduna oona za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, mkulu wa Nthambi yoona za Nyengo, akuluakulu a nkhalango ndi a madzi, komanso inu otsogolera masukulu athu a ukachenjede,

Ndalemba kalatayi monga munthu amene ndinathera zaka zambiri ndikuphunzitsa sayansi ndi ulimi m'masukulu a kumudzi, ndipo mpaka lero ndikadali mlimi wa chimanga ndi mtedza pa munda umene anandisiyira makolo. Pempho langa ndi limodzi, ngakhale kuti kulifotokoza kutenga malo. Ndikupempha kuti dziko lathu liyambe kuyeza mwakhama ndi mosadukiza mmene kutentha ndi madzi zimayendera pakati pa nthaka, zomera ndi mlengalenga, ndiponso kuti likhale ndi ana ake odziwa kulowetsa miyesoyo m'mamodelo a pakompyuta (mapulogalamu otsanzira ndi masamu mmene chilengedwe chimayendera) amene masiku ano akutsogolera zolosera za nyengo, ndondomeko za ulimi wothirira ndi kagawidwe ka madzi. Mvula timaiyeza, ndipo m'malo ena monga ku Zomba taiyeza kwa zaka zoposa 100. Koma mvula ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo, lokhudza mmene madzi akagwa amabwererera kumwamba ndi mmene mphamvu ya dzuwa yowakweza imagawikira, kwakukulu timangolilandira kuchokera kwa anthu amene anayeza nthaka ndi mitengo ya kwawo.

Loleni ndiyambe ndi zimene mlimi aliyense amazidziwa ndi mapazi ake. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, munthu sangayende wopanda nsapato m'munda wososa umene mapesi ake anawatentha, chifukwa dothi limaotcha ngati chiwaya chokazingira chimanga. Pamwamba pa mizere mpweya umaoneka ngati ukunjenjemera, ndipo posakhalitsa kavuluvulu amadzuka n'kunyamula fumbi ndi phulusa kupita nazo kumwamba. Mukangosuntha pang'ono n'kupisa dzanja pansi pa mapesi m'munda wa mnzanu amene anaphimbira, mupeza dothi lozizira bwino, nthawi zina lili ndi kachinyontho, chiswe chikugwira ntchito yake mwakachetechete. Mukapita kudambo kumene udzu ukadali wobiriwira, mpweya weniweniwo umamveka wina pakhungu. Dzuwa ndi lomwelo, ola ndi lomwelo, koma malo atatuwa akuchita nayo mosiyana mphamvu imene alandira.

Akatswiri amaifotokoza nkhaniyi ngati buku la ndalama limene zolowa ndi zotuluka ziyenera kufanana. Kuwala kwa dzuwa kukafika pansi, gawo lina limabwezedwa kumwamba nthawi yomweyo, mochuluka kapena mochepa malinga ndi maonekedwe a malowo, pakuti mchenga woyera umabweza kwambiri pamene nkhalango yowirira kapena lupsa lakuda zimameza kochuluka. Nthaka nayo imatulutsa kutentha kwake kosaoneka ndi maso usana ndi usiku. Zimene zatsala pambuyo pa zonsezi zili ndi njira zitatu zokha zopitira: zikhoza kulowa pansi n'kutenthetsa dothi, zikhoza kutenthetsa mpweya umene wakhudza nthaka n'kuukweza, monga mmene kavuluvulu uja amationetsera, kapena zikhoza kugwira ntchito yosandutsa madzi kukhala nthunzi, kaya kuchokera m'dothi mwenimwenimo kapena kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta pamasamba. Njira ina ikatsekeka, mphamvuyo siitha ayi, imangosamukira ku njira zotsalazo. N'chifukwa chake munda wouma wopanda chophimba umawiritsa mpweya, pamene dambo limauziziritsa.

Kukula kwa njira yachitatuyi kumadabwitsa aliyense amene wayamba kuiwerengera. Kuti lita imodzi ya madzi isanduke nthunzi pamafunika mphamvu yokwana ma megajoule 2.45, yomwe ndi pafupifupi ka 7 kuchuluka kwa mphamvu yofunika kuti lita yomweyo ichoke pa kuzizira kwa mumtsuko n'kufika powira. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Choncho munda wa hekitala umene wataya mamilimita 5 pa tsiku, zomwe si zachilendo pa chimanga chokula bwino m'nyengo yotentha, watumiza kumwamba malita 50,000, kapena kuti ndowa 2,500 za malita 20, popanda munthu kuona ngakhale dontho limodzi likukwera. Pamene ndinkaphunzitsa, ana ankakana kukhulupirira zimenezi mpaka titamanga jumbo yoonekera mkati pa nthambi ya mtengo wa gwafa m'mawa, n'kukaipeza masana ili ndi madzi pansi pake. Madzi ochuluka choterewa, akusuntha tsiku ndi tsiku pamwamba pa dziko lonse, sangakhale chinthu choti tizingochiganizira.

Sayansi yowerengera zimenezi ili ndi mbiri yake, ndipo ndikuitchula chifukwa imaonetsa kumene nzeruzi zinaleredwera. Mu 1926 Ira Bowen anaonetsa njira yoyerekezera kutentha kopita mumpweya ndi kutentha kokweza nthunzi. Mu 1948 Howard Penman, amene ankagwira ntchito ku Rothamsted ku England, anaphatikiza mphamvu ya dzuwa ndi mphamvu youmitsa ya mphepo m'kawerengedwe kamodzi, ndipo mu 1965 John Monteith anawonjezeramo mbali ya masamba, amene amatha kutseka timabowo tawo madzi akachepa. Mu 1998 bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linakhazikitsa kawerengedwe ka Penman ndi Monteith ngati muyezo wa dziko lonse wodziwira madzi amene mbewu zimafuna, ndipo maziko ake ndi kapinga wongoyerekeza wotalika masentimita 12, wosasowa madzi. Kumbali ya mamodelo a nyengo, mu 1969 Syukuro Manabe, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2021, anaimira nthaka yonse ya dziko lapansi ngati ndowa yosunga madzi okwana masentimita 15, yomwe imasefukira ikadzaza. Mu 1975 Jule Charney anapereka ganizo loti kutha kwa zomera ku Sahel, dera louma la kumwera kwa chipululu cha Sahara, kumachititsa nthaka kubweza kuwala kochuluka, zomwe zingachepetse mvula n'kukulitsa chilala. Pofika 1986, Robert Dickinson ndi Piers Sellers, aliyense ndi anzake, anali atapanga mamodelo okhala ndi masamba, mizu ndi magawo a dothi. Mamodelo a lero monga JULES ya ku Britain ndi Noah kapena CLM za ku America ndi zidzukulu za ntchito imeneyi, ndipo zolosera za nyengo zochokera kumalikulu a kunja, zimene akatswiri athu amagwiritsa ntchito, zili ndi modelo ya mtunduwu pansi pake.

Malamulo a sayansi amene ali m'mamodelowa ndi oona ku Rothamsted ndiponso ndi oona ku Chitedze. Vuto lili pa manambala amene modelo imafuna kuuzidwa isanayambe kuwerengera. Imafuna kudziwa kuti mizu ya mitengo ya pamalopo imafika pati, masamba amaphuka liti ndipo amayoyoka liti, timabowo ta pamasamba timatseka chinyontho chikachepa kufika pati, dothi limasunga madzi ochuluka bwanji ndipo limawalola kulowa mwachangu motani. Manambala amenewa amachokera ku miyeso, ndipo malo ochuluka oyezera kayendedwe ka kutentha ndi nthunzi ali ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, pamene mu Africa muno ndi owerengeka. M'chigawo chathu, odziwika kwambiri ndi nsanja yonyamula zida zoyezera ya ku Skukuza ku South Africa, imene inayamba kuyeza mu 2000, ndi ya m'nkhalango ya miombo pafupi ndi Mongu ku Zambia. Anzathuwa anachita bwino, koma Mongu ili pa mchenga wakuya wa Kalahari, ndipo mchenga umenewo sungatiyankhulire za katondo wa ku Lilongwe, makande a ku Chikwawa kapena zitunda za ku Dedza.

Apa ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene mtima wa nkhani uli. Aliyense amene anadutsapo ku Dzalanyama kapena kumapiri a Kasungu cha mu Seputembala anaona tsamba, mombo ndi mchenga zitavala masamba atsopano ofiira, patatha miyezi yambiri mvula isanagwe ndipo kukadali milungu ingapo kuti chizimalupsa chibwere. Udzu pansi pake ndi wouma kapena wapsa, dothi la pamwamba ndi fumbi lokhalokha, koma mitengo yaphuka, ndipo posachedwa iyamba kutulutsa nthunzi ndi madzi amene ikuwatenga pansi pakuya ndi amene inasunga m'thupi mwake. Modelo imene inaphunzitsidwa kuti masamba amadikira chinyontho cha pamwamba idzaiona nkhalango imeneyi ngati yogona pa nthawi imene yadzuka kale, ndipo idzalakwitsa kagawidwe ka kutentha m'milungu yeniyeni imene mlengalenga mukukonzekera mvula yoyamba. Msangu ndiye umasokoneza kwambiri, pakuti umayoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina yabiriwira, n'kuvala masamba m'chilimwe. Alimi a ku Salima ndi ku Ntcheu amalima chimanga pansi pa misangu chifukwa amadziwa khalidwe limeneli, koma modelo imene yangolemba malowo kuti ndi munda kapena kuti ndi thengo silingalidziwe pokhapokha wina atailangiza.

Chimodzimodzinso ndi kalimidwe kathu. Ife timaunga mizere ndi khasu chaka ndi chaka, ndipo pansi pa mizereyo m'minda yambiri munapangika chidikhi cholimba chimene chimaletsa madzi ndi mizu kutsika. Timasakaniza chimanga ndi nandolo, amene amakhala wobiriwira mpaka m'chilimwe chimanga chitakololedwa kalekale. Tchire timalitentha, ena pofuna mbewa, ena pofuna msipu watsopano, ndipo lupsa limasintha maonekedwe a nthaka m'dera lonse kwa milungu ingapo. Madambo athu amasunga madzi m'mizere yopyapyala imene modelo yaikulu, yomwe imagawa dziko m'mabokosi a makilomita 10 kapena ngakhale 100, siingaione. M'bokosi limodzi lotere mukhoza kulowa gawo la nyanja, chigwa chotentha ndi phiri lozizira, monga zilili pakati pa Golomoti ndi Dedza, ndipo zonsezo n'kupatsidwa nambala imodzi. Amene anapanga mamodelowa sanalakwe kanthu. Iwo eni amanena poyera kuti akusowa miyeso ya kuno. Amene tiyenera kuipereka ndife.

Mwina mungafunse kuti dziko lokhala ndi mavuto a njala, mankhwala ndi misewu lingaike bwanji ndalama pa nkhani yooneka ya m'kalasi ngati imeneyi. Yankho langa liyambira pa nyanja ya Malawi. Madzi ochuluka kwambiri amene amachoka m'nyanjayi amapita kumwamba ngati nthunzi, ndipo amene amadzera mu Shire ndi gawo laling'ono chabe. Komabe pa gawo laling'onolo ndi pamene padalira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, madzi akumwa a mu Blantyre ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Popeza Shire amangolandira zotsala, kusintha kochepa pa nthunzi ya panyanja kapena pa madzi amene zomera za m'mapiri zikumwa kumakhala kusintha kwakukulu pa mtsinjewo. Mbiri inationetsa kale zimenezi, pakuti kuyambira cha mu 1915 nyanja inatsika mpaka madzi ake analeka kutsikira mu Shire kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2016 tinakhala mumdima kwa maola ambiri chifukwa madzi anachepa, ndipo mu 2024 nyanja yomweyo inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Amene amatsegula ndi kutseka zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, amapanga ziganizo zolemera, ndipo akuyenera kukhala ndi manambala oyezedwa a mbali yaikulu kwambiri ya buku la madzi a nyanjayi.

Pali kafukufuku wina amene ndimafuna aliyense wokonda mitengo atamumva, ngakhale kuti zotsatira zake sizikoma m'khutu. Mu 1995 Ian Calder ndi anzake, ena mwa iwo Amalawi, anagwiritsa ntchito modelo poona mmene kutha kwa nkhalango kunakhudzira nyanja ya Malawi, ndipo anapeza kuti kukanakhala kuti nkhalango sizinachepe pakati pa 1967 ndi 1990, nyanja ikanakhala yotsika ndi pafupifupi mita imodzi pa chilala cha 1992. Chifukwa chake n'chakuti mitengo imamwa madzi ambiri kuposa mbewu za m'munda ndipo imamwa ngakhale m'chilimwe. Zimenezi sizikutanthauza kuti kudula mitengo n'kwabwino. Mitengo imagwira dothi, imathandiza madzi kulowa pansi, imachepetsa matope amene amakwirira madamu ndi makina a magetsi, imaziziritsa dera ndipo nthunzi yake imakagwa ngati mvula kwina. Chimene kafukufukuyu akutiphunzitsa n'chakuti funso la mitengo ndi madzi silingayankhidwe ndi mawu okopa a pa chikwangwani. Dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nkhalango ndi malo oguga pofika 2030, ndipo ndimalichirikiza lonjezoli ndi mtima wonse. Koma amayi akamadandaula kuti chitsime chinaphwa kuchokera pamene anabzala bulugamu kumtunda kwake, sitiyenera kuwaseka kapena kungowavomereza. Tiyenera kukhala ndi miyeso ndi modelo yotiuza mtengo woyenera pamalo pake, ku mutu wa mtsinje, m'mbali mwa dambo kapena paphiri.

Nyanja ya Chilwa ikufuna chisamaliro chomwecho mwachangu chachikulu. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo pafupifupi zonse zimene imataya zimapita kumwamba kudzera pamwamba pa madzi ndi m'mabango ndi njedza zoizungulira. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 asodzi a ku Kachulu anaonanso mabwato awo atakhala pa matope ong'aluka. Kuti asodzi ndi alimi a mpunga a m'chigwacho achenjezedwe nthawi ikadalipo, pakufunika kudziwa kuchuluka kwa madzi amene akukwera mwezi ndi mwezi, osati amene akugwa okha. Ku chigwa cha Shire nakonso, kumene ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira ikukonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000, funso la tsiku ndi tsiku lidzakhala lakuti mbewu yamwa madzi ochuluka bwanji ndipo ithiriridwe liti. Kuthirira mopitirira muyeso m'dera lotentha chotero kumakweza mchere m'dothi, ndipo mchere ukakwera kuuchotsa n'kovuta.

Ngakhale pa mvula yeniyeniyo, nthaka ili ndi mawu ake. Kafukufuku wa Christopher Taylor ndi anzake wofalitsidwa mu 2012 anaonetsa, pogwiritsa ntchito masetilaiti, kuti mvula ya masana imakonda kuyambira pamwamba pa malo ouma amene ayandikana ndi malo a chinyontho, pamene mamodelo ambiri a nthawiyo ankaonetsa zotsutsana nazo. Choncho cholakwika cha pansi chimakwera mpaka kumitambo. Ng'amba imene inaumitsa chimanga kumayambiriro kwa 2024, mpaka boma kulengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, inapweteka minda mosiyanasiyana malinga ndi madzi amene dothi la munda uliwonse linali litasunga ndi liwiro limene linkawatayira. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anationetsa mbali inayo, pamene mapiri okhuta madzi ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe anagumuka n'kukwirira abale athu. Chenjezo la chilala ndi chenjezo la madzi osefukira, onse awiri amalimba pamene olosera akudziwa mmene nthaka ilili mvula isanagwe.

Ena adzanena kuti masetilaiti anathetsa kale vutoli. N'zoona kuti athandiza kwambiri. Njira ya SEBAL, imene Wim Bastiaanssen ndi anzake anaifalitsa mu 1998, imawerengera nthunzi kuchokera pa kutentha kwa nthaka kumene setilaiti yaona, ndipo bungwe la FAO lili ndi WaPOR, imene imapereka mwaulere mapu a madzi amene zomera zikugwiritsa ntchito mu Africa yense. Achinyamata athu ayenera kuzidziwa bwino zida zimenezi. Koma setilaiti siiona nthunzi ikukwera. Imaona kuwala ndi kutentha, kenaka modelo n'kumalizitsa zotsalazo, ndipo m'dzinja mitambo imaitchinga kwa masiku ambiri. Popanda malo apansi oyerekezera nawo, mapu okongola aja sitingadziwe ngati akunena zoona pa dimba la ku Nkhotakota kapena akulakwitsa ndi theka.

Tsono chimene ndikupempha n'chiyani? Ndikupempha malo ochepa oyezera, koma okhalitsa, osankhidwa mwanzeru kuti aimire nkhope zazikulu za dziko lathu: nkhalango ya miombo monga Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umamwetsa likulu lathu, munda wa chimanga wa mlimi wamba pambali pa munda wophimbira kuti ziwirizo ziyerekezedwe, dambo, munda wothirira wa ku chigwa cha Shire, ndi pamwamba pa nyanja. Pa malo otere pamaima nsanja yotalika kuposa zomera, yokhala ndi chida choyeza kayendedwe ka mphepo pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso ndi china choyeza nthunzi mumpweya, zonse zikuwerenga ka 10 kapena ka 20 pa sekondi, kuti pakatha theka la ola tidziwe kutentha ndi madzi amene akwera. Pambali pake pamakhala choyeza kuwala kolowa ndi kotuluka, ndipo m'dothi mumakwiriridwa timbale toyeza kutentha kolowa pansi ndi tizida toyeza chinyontho pa kuya kosiyanasiyana. Njirayi nayo ili ndi chilema chake chodziwika, choti zotuluka zimene yayeza kawirikawiri zimaperewera poyerekeza ndi zolowa, ndipo n'chifukwa chake imafuna munthu woimvetsa osati wongoiyatsa. Kuzungulira malo ochepawa, masiteshoni amene tili nawo kale monga Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Ngabu ndi Karonga akhoza kuwonjezeredwa zoyezera chinyontho ndi kutentha kwa dothi, zomwe mtengo wake ndi wocheperapo.

Liwu loti okhalitsa ndalisankha dala, chifukwa cha zimene ndinaona ndi maso anga. Zaka zapitazo bungwe lina linabwera kudera kwathu ndi pulojekiti, linamanga mpanda wa waya n'kuikamo zida zoyezera nyengo, kuphatikizapo chibeseni chachitsulo choyezera madzi amene auma pa tsiku. Ana anga a sukulu ankasinthana kukawerenga m'mawa uliwonse, akulemba m'kope ndi chimwemwe chachikulu. Pulojekiti itatha, batire linafa, panalibe amene anali ndi udindo wogula lina, waya anadulidwa, ndipo tsiku lina ndinapeza mbuzi zikumwa m'chibeseni chija. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti manambala a zaka zimene zidazo zinagwira ntchito anapita ndi eni pulojekiti, ndipo ife amene tinkasamala malowo sitinaonepo ngakhale tsamba limodzi la zotsatira. Miyeso ya zaka ziwiri siingatiuze za chaka cha chilala ndi chaka cha madzi osefukira. Pamafunika zaka 10, 20 ndi kupitirira apo. Choncho ndikupempha kuti ndalama zosamalira zida, zogulira mabatire, zolipira mlonda ndi zoyendera katswiri zilembedwe mu bajeti ya boma, ngakhale zida zenizenizo zitagulidwa ndi abwenzi akunja. Mfumu ya pamalopo ndi anthu ake auzidwe chimene nsanjayo ikuchita, ndipo aziuzidwa zotsatira m'chiyankhulo chawo, chifukwa chinthu chimene mudzi ukuchimvetsa ndi chimene mudzi umachiteteza.

Kwa inu akuluakulu a masukulu a ukachenjede, mbali yanu ndi yaikulu kuposa ya wina aliyense. Ku MUST ku Thyolo kuli sukulu ya Ndata yoona za nyengo ndi sayansi ya dziko, ku LUANAR ku Bunda kuli akatswiri a nthaka ndi ulimi wothirira, ku Mzuzu University kuli a nkhalango ndi a madzi, ku University of Malawi kuli a physics ndi masamu, ndipo ku Zomba komweko kuli nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM. Nkhani iyi imagwera pakati pa onsewa, ndipo zinthu zogwera pakati n'zimene zimasowa mwini. Wophunzira amene adzaimvetse ayenera kudziwa za mphepo, za masamba, za dothi ndi za kulemba mapulogalamu a pakompyuta nthawi imodzi. Ambiri mwa mamodelo amene ndatchula amapezeka kwa ofufuza popanda kulipira, ndipo kuyendetsa modelo pa malo amodzi sikufuna kompyuta yaikulu. Laputopu wamba imakwanira. Chosowa ndi aphunzitsi ogwirizana, miyeso yoti wophunzira ayesere modelo yake, ndi ntchito yomudikira akamaliza kuti asatengedwe ndi mayiko ena. Ndikupempha kuti mugwirizane pa maphunziro amodzi a digiri yachiwiri pa nkhaniyi, ndipo nsanja iliyonse ikhale ndi sukulu yoisamala pamodzi ndi Nthambi yoona za Nyengo.

Pa za manambala amene adzatuluke, pempho langa n'loti asatsekeredwe m'kabati. Asungidwe kuno kwathu, pamalo amodzi odziwika, ndipo wophunzira aliyense wa m'dziko muno athe kuwapeza mosavuta. Atumizidwenso ku FLUXNET, mgwirizano wa dziko lonse wa nsanja zoterezi, chifukwa opanga mamodelo amayesera ntchito yawo pa miyeso imene ili kumeneko, ndipo ndi njira imeneyo imene khalidwe la tsamba ndi msangu lingalowere m'zolosera zimene zimabwerera kwa ife. Wofufuza wakunja amene abwera kudzayeza m'nkhalango zathu alandiridwe bwino, koma chilolezo chake chikhale ndi mfundo yoti asiye miyeso yonse kuno ndiponso agwire ntchito ndi Mmalawi kuyambira poimika nsanja mpaka polemba zotsatira.

Olemekezeka a Nduna, zonsezi siziyenera kuyamba nthawi imodzi. Ndikupempha kuti mu bajeti ikubwerayi mupezeke malo a nsanja ziwiri zoyamba, imodzi m'nkhalango ya miombo ndi ina m'munda wa mlimi wamba, ndiponso kuti muitanitse msonkhano wa a zanyengo, a nkhalango, a madzi, a magetsi ndi a masukulu a ukachenjede woti usankhe malowo ndi kutchula amene adzawasamale. Ngati pa malo a mlimi wamba mudzasowe wopereka munda, wanga ulipo. Theka lake ndimaunga mizere monga ankachitira bambo anga ndipo theka linalo ndakhala ndikuliphimbira ndi mapesi, pali msangu umodzi kumalire, ndipo ena mwa ana amene ankawerenga chibeseni chija akadali m'mudzi muno ndipo akudziwabe kulemba m'kope m'mawa uliwonse.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito komanso mlimi